Chigubu cha Madala Jailosi

Anthu a ku Kawale amati ndinapita ku Joni kukafuna ntchito. Ayi ndithu, ine ndinachita kupitikitsidwa. Amene analipo tsiku lija ahedi athu anavula jekete pamaso pa sukulu yonse n'kuyamba kudzikanda ngati nyani akudziwa chimene ndikunena. Chitedzecho ndinakathyola ndekha m'mbali mwa mtsinje, ndinachipala bwinobwino ndi lezala, n'kuchiwaza m'kolala ya jeketeyo ili pampando mu ofesi. Mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka ndekha m'minibasi, anthu n'kumandiyang'ana. Sukulu inathera pomwepo, Folomu 3. Amayi analira, atatha kulira anaimbira achimwene awo, amalume a Layitoni, amene ankatsuka magalimoto ku Debeni.

"Mutengeni, achimwene. Mwina nyanja ikamuphunzitsa ulemu."

Nyanja inandiphunzitsa zina, koma ulemu ayi.

Msewu umene tinkakhala unali wakale, wotsetsereka kulowera kudoko. Dzina lake linali la mzungu wina amene palibe ankamudziwa, ndiye ife tinaugawa mwathumwathu. Kumtunda, kumene nyumba zinali zidakali ndi mageti otseka, tinkati ku Area 18. Kumunsi, kumene nyumba imodzi inkagona anthu odzaza basi, tinkati ku Mgona. Ife tinali a ku Mgona. Nyumbazo anamanga azungu kalekale, anasiyira amwenye, amwenye atalemera anasiyira ife, a ku Congo ndi a ku Zimbabwe. Zinali za makonde aakulu, pansi pa matabwa olira ukaponda, denga lalitali loti ukaliyang'ana umamva chizungulire. Chipinda chimene mzungu ankadyeramo ndi mkazi wake, ife tinachidula ndi makatoni ndi zitenje kukhala nyumba za mabanja. Munthu akayetsemula kwake, wina ankayankha kwake.

Lendi inali yotsika chifukwa chilichonse mumsewumo chinkaola. Mphepo ya kunyanja imadya. Inadya malata, inadya maloko, inadya zipi ya buluku langa la sukulu limene ndinapita nalo. Nsapato ukaiiwala pansi pa bedi umaipeza yamera chuku ngati buledi. Makoma ankachita thukuta. Ndipo m'mawa kukagwa nkhungu, sitima zapamadzi zinkalira kudoko, kulira kwa ng'ombe yaikulu yolandidwa mwana, mpaka mawindo ankanjenjemera. Masiku oyamba ndinkadzuka ndikuyesa kwagwa maliro.

Ntchito ndiye palibe chokamba. Payipi, sopo, nsanza. Manja anga anatumbuluka n'kukwinyika ngati a nkhalamba. Malipiro ankalandira amalume n'kutumiza okha kwa amayi, ine ndinkangomva fungo. "Iwe ukagwira ndalama udzagula chitedze cha tauni yonse," ankatero.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kachipinda kamene kale kankagona wantchito wa azungu. Mmenemo munkakhala Madala Jailosi. Awo anali mtchona weniweni, osati ife a dzulodzulo. Anachoka ku Njewa asanamere ndevu, anagwira m'migodi, kenako m'sitima, kenako paliponse pamene panapezeka, osabwererako kumudzi ngakhale kamodzi. Chichewa chawo chinali chakale, chosakanikirana ndi Chizulu. Ndiye anali ndi chifuwa chawochawo chimene msewu wonse unkachidziwa: kho, kho, kho, kumapeto kwake kamluzu, fiii.

Tsiku loyamba anandikola ndikuchapa pampopi.

"Iwe mfana, kwanu n'kuti?"

"Ku Kawale, madala."

"Ku Njewa umakudziwa?"

Ndinali ndisanapondeko chibadwire. "Aa, ku Njewa? Ngakhale agalu a kumeneko amandidziwa."

Anandigwira dzanja. "Mkuyu uja ulipo? Wa pafupi ndi dambo, pamene amayi anga a Nambewe ankafulula mowa?"

"Ulipo, madala. Wakula moti anthu amachitirapo misonkhano."

Anaseka, m'kamwa mopanda mano, mpaka chifuwa chija chinawagwira. Kuyambira tsikulo ndinkauthirira mkuyuwo ndi pakamwa. Lero ndiwauze kuti pansi pake anaikapo benchi. Mawa kuti ana amangapo katungwe. Iwo ankangogwedeza mutu, maso ali kutali, n'kundipatsa chimanga chootcha.

Tsono amene sanakhaleko kunja sadziwa chinthu chimodzi. Ukakhala mumzinda wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, mafoni ochokera kumudzi safunsa kwambiri za moyo wako. Amafunsa bulangeti, amafunsa foni yatsopano, ndipo amafunsa madzi. Madzi a m'nyanja. Wina akufuna kuwaza pakhomo pa okala yake kuti makasitomala azibwera, wina kusambitsa mwana wolira kosatha, wina kudontheza pa satifiketi asanakafunsire ntchito. Mathiransipota, anyamata aja onyamula katundu wa anthu pangolo kuchokera ku Joni mpaka ku Lilongwe, sankanyamuka popanda zigubu zachikasu, zija za mafuta ophikira, zitamangidwa pamwamba pa mafiriji ndi matilesi.

Mumsewu mwathu wotunga madziwo anali Madala Jailosi, chifukwa ankati madzi a m'nyanja satungidwa chisawawa. Chigubu chisadzaze, madzi azipuma. Pansi pake uikepo mchenga wa komweko kuti asasungulumwe. Ndipo usanatseke, uwauze kumene akupita ndi dzina la mwini wake.

"Madzi osauzidwa amafuna kubwerera kwawo," ankatero. "Amavutitsa m'nyumba."

Miyendo yawo itayamba kutupa, ntchitoyo inagwera ine. Ulendo woyamba ndinapitadi. Koma doko lili mumpanda, gombe lotungirako lili patsogolo kwambiri, ndipo pobwera ndi chitunda. Ndikukwera chitundacho, zigubu zikundidula zala, ndinakumbukira aphunzitsi athu a sayansi atagwira choko: madzi a m'nyanja ndi madzi ophatikiza mchere, basi. Mwaona, Folomu 3 sinapite pachabe.

Kuseri kwa malo otsukira magalimoto kunali mpopi. Mchere unali m'sitolo ya pakona. Mchenga ndinkatapa pa nyumba ina imene ankaikonza ku Area 18 yathu ija. Koma mwambo wouza madzi sindinauphwanye, ine si wachikunja. Ndinkawerama n'kunong'oneza m'chigubu: "Inu madzi a pampopi, mukupita ku Biwi kwa amake Chisomo. Mukadzionetse ngati a m'nyanja, musakandichititse manyazi."

Ndiye maumboni anayamba kubwera pafoni. Wina ku Mchesi wapeza ntchito. Wina mwamuna wake amene anathawira ku Area 25 wabwerera yekha, nkhuku ili m'manja. Akazi awo a amalume anga omwewo, ku Area 23, anati chiwazireni pabenchi tomato wawo saolanso. Amalume ankatiseweretsera mawuwo pakhonde, anthu n'kumati ameni, ine n'kuthawira kuchimbudzi kukaseka nditaluma malaya. Munene nokha, ndinalakwira ndani?

Lamlungu lina m'mawa, anthu atapita kumatchalitchi, Madala anandiitana. Anali atavala jekete lawo lakale la m'sitima, chigubu chopanda kanthu chili pamiyendo.

"Mfana, ndiperekeze kunyanja."

"Ndi miyendo imeneyi, madala?"

"Iwe si uja umaba kangolo ka kusitolo n'kumatsetsereka nako mumsewu ngati wamisala? Kakabenso."

Ndinakatenga kangolo ka mawaya kaja kogulira zinthu, ndinayalamo makatoni ndi bulangeti, n'kuwanyamula. Anapepuka ngati mtolo wa mapesi, miyendo yokha ndiyo inali ndi thupi. Tikutsika msewu, wometa tsitsi wa ku Congo anafuula kuti ndawagula zingati agogowa, ine ndinati anali pa selo. Madala sanaseke. Ankaloza nyumba imodzi imodzi.

"Umu munkakhala telala wina wa ku Nkhata Bay. Sanapite. Umu munali anyamata a ku Dedza, pachibale pawo. Sanapite. Apa pakhonde lobiriwirali pankakhala mayi wina woimba bwino, wa kwa Kabudula. Sanapite."

"Sanapite kuti?"

"Kumudzi. Msewu uno suvuta kulowa, mfana. Ukangomva kuti lendi ndi yotsika, wakhazikika. Umati chaka chino ndikonze kaye, chaka chamawa ndipita. Ukamadzadzidzimuka, wakuthera ndi mano omwe."

Ndinayang'ana makondewo. Panali zovala zoyanikidwa, ana akusewera, wailesi zikulira. Koma kuchokera tsikulo ndikadutsapo ndinkaona ngati pakhonde lililonse pali malo amodzi amene anthu amawalambalala osadziwa chifukwa chake.

Kugombe kangolo kanakana mchenga, ndiye ndinawabereka. Ndinalowa nawo m'madzi mpaka m'mawondo, mafunde akundikankha. Ali kumsana kwangako anandiyankhulira m'khutu.

"Madzi akuzizira eti? Wawaiwala."

"Bwanji madala?"

"Ukapita kotunga umabwera nsapato zouma, buluku louma. Ukuyesa ndine khanda?"

Ndinayembekeza khofi la kumbuyo. M'malo mwake ndinamva thupi lawo likugwedezeka, anali kuseka, mpaka kho, kho, kho, fiii, m'khutu mwanga mwenimweni.

"Asiye. Ofuna mwayi uziwapatsa mchere wakowo, mwayi sudziwa kulawa. Koma ichi si cha mwayi. Werama."

Ndinawerama. Anamiza chigubu okha ndi manja awo. Anandiuza kuti nditsitse dzanja pansi nditape mchenga. Kenako anaika pakamwa pawo pakamwa pa chigubu n'kuyamba kuyankhula. Anayankhula nthawi yaitali, msana wanga mpaka kuwawa. Mafunde ankameza mawuwo, ine ndinangomva kumapeto: "Jailosi, mwana wa Nambewe. Pa mkuyu." Anatseka n'kumanga ndi pulasitiki.

Titatuluka, nditawakhazika pamchenga, anati: "Mtembo wanga sudzapita. Pasipoti ndilibe, nambala ya m'bale ndilibe. Iwe ndiwe wamng'ono, ndipo ndiwe wovuta, msewu uno udzakulavula. Ukadzapita, ukathire madziwa pa mkuyu paja. Koma usakangokhuthula ngati madzi otsukira mbale. Ukayambe waodira. Munthu salowa popanda odi, ngakhale pakhomo pa amake. Akakayankha, ndiye uthire."

"Akapanda kuyankha?"

"Udikire."

Ndikanatha kuwauza pomwepo kuti mkuyuwo sindinauonepo, benchi ndi katungwe ndinamanga ndi lilime. Koma kuwonongeranji Lamlungu labwino? Ndinati, "Musadandaule madala, ndi pompo pamene ndimatsikira."

Anamwalira nyengo yozizira, ine ndili kuntchito. Gulu lathu la Amalawi lotumiza maliro kumudzi linakumana pakhonde, ndipo wapampando anafunsa funso limodzi lokha: "Titumiza kwa ndani?" Ine ndinati ku Njewa, pa mkuyu. Anandiyang'ana ngati ndikuyamba zanga zija. "Mwana iwe, bokosi sililandiridwa ndi mtengo." Anawatenga a boma la mzindawo. Kumene anawaika palibe wa mumsewu mwathu akudziwa. Kachipinda kaja kanalowa munthu wina fungo la fodya wawo lisanathe. Chigubu ndinachilowetsa pansi pa bedi langa.

Tsono ine ndimatha kutsanzira. Ndinabadwa nacho. Lamlungu lina masana amalume akupumula, ndinaima kuseri kwa katoni: kho, kho, kho, fiii. Abale inu! Amalume anatuluka ndi kabudula wamkati yekha mpaka pakati pa msewu, akuitana Yesu m'Chizulu. Ndinabwereza masiku ena, pena kubafa, pena kukhonde. Mayi wina wa ku Zimbabwe anasamuka, abusa anabwera kudzawaza mafuta m'makona. Moyo unali kukoma.

Kenako tsiku lina masana ndinali ndekha m'nyumba yonse, kuntchito madzi atatseka. Ndinakhala pabedi ndikudya buledi, m'kamwa modzaza thoo. Ndiye chinamveka pansi panga, pansi pa bedi. Kho, kho, kho. Panadutsa kanthawi, ngati munthu akukoka mpweya. Fiii.

Buledi ndinameza wosatafuna. Sindinasuzumire. Ndinangoti, "Ndamva, madala. Tipita."

Sindinavutike kupeza njira, msewu unandilavuladi. Amalume posaka nsikidzi anatembenuza matilesi anga n'kupeza mapepala a mchere ataunjikana ngati masamba.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndimakonda mchere, amalume."

Anakhala pansi, anayang'ana mapepalawo, anayang'ana ine. Ndinaona nkhope yawo ikuyenda ulendo wonse mpaka kukafika pa tomato wa akazi awo ku Area 23.

"Ndi chigubu cha kwathu chomwe?"

"Chimenecho ndiye chinali choyamba. Koma si chikugwira ntchito?"

Sanauze munthu. Akanayambira pati, poti umboni waukulu unali wa m'nyumba mwawo? Anangondikweza galimoto ya thiransipota wina sabata yomweyo. Zigubu zanga zomaliza za pampopi zinali zitamangidwa kale pangolo, ndipo cha Madala thiransipotayo anachiponya pomwepo chifukwa m'galimoto munalibe malo. Zonse zachikasu, zonse zofanana ngati mapasa. Chilichonse chinali ndi tepi yolembedwa dzina, ndiye mtima wanga unali m'malo. Koma mu Zimbabwe inatimenya mvula, ku Tete linatiotcha dzuwa loti phula kusungunuka. Pofika pa Dedza matepi onse anali atapita ndi mphepo.

Ku Lilongwe anthu anali atadikira kale katundu wawo. Amayi anandikumbatira, kulira, kundizunguza kuti aone ngati ndanenepa. Pamene ndinkamasuka m'manja mwawo, pangolo panali patatsala chigubu chimodzi. Ndinachinyamula. Kunyumba ndinatsegula, ndinanunkhiza, zii. Ndinaviika chala n'kunyambita. Mchere wa m'sitolo ya pakona. Ntchito ya manja anga. Wotchera msampha anali atakodwa yekha, ndipo Madala Jailosi anali atapita kunyumba ya munthu wosawadziwa, kuti akawazidwe pa okala.

Ku Kawale ndinapeza zinthu zitasuntha. Bedi langa linali la mlongo wanga, amene anatalika n'kumanditchula kuti "a Joni". Amayi analowa mpingo watsopano wovala zoyera. Anzanga anali atalemba mayeso n'kumayankhula za makoleji, ine ndikaonetsa manja anga okwinyika ankaseka. Zonsezo sizinandikhudze. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chakuti m'nyumba mwathu munali zii. Palibe chinkatsokomola. Ndiye kuti chinkatsokomola kwina.

Thiransipota uja anandiuza makomo amene zigubu zinapita. Ndinavala jekete la ku Joni, magalasi akuda, n'kuyamba kuyendera. "Ndabwera kudzayesa ngati madzi anafika ali amoyo." Ku Biwi anandipatsa tiyi. Ku Mchesi anandiphera nkhuku, zoona. Paliponse maumboni okhaokha. Ndinkaviika chala, kunyambita, kutsinzina ngati dokotala. Mchere wanga womwe uja. "Ali bwino amayi, pitirizani." Lilime linachita zilonda.

Khomo lomaliza linali ku Chinsapo, kwa mayi wina wogulitsa makala, amake Tadala. Awo sanandipatse tiyi.

"Ndiwe unatunga madziwa? Bwera kuno, kambava iwe. Anzanga onse analandira madzi oyera, ogwira ntchito. Ine wanditumizira zonunkha, zowawa ngati ndulu. Ukuyesa sindidziwa madzi achinyengo?"

Ananditengera kuseri kwa bafa kumene anachitaya. Chinali theka. Nditatsegula, msewu wonse unandimenya kumaso: doko, dzimbiri, makoma a thukuta, sitima zolira m'nkhungu. Sindinafunikenso kulawa, koma ndinalawa. Kuwawa kwake kunafika mpaka m'makutu.

"Theka lina linapita kuti, amayi?"

"Ndinawaza. M'nyumba monse, pakhonde, pa matumba a makala. Mwayi ndiye sindinauone. Chimene ndapeza ndi munthu wotsokomola pakhonde. Masana, dzuwa likuswa mtengo! Ndikatuluka, palibe. Tadala akuti ndi agogo, amawasiyira mpando."

Pakhondepo panalidi kampando ka ana, kapulasitiki, kataikidwa pamthunzi moyang'ana kumsewu.

"Amatsokomola bwanji?"

Mayiwo anakwinya nkhope, anaika dzanja pachifuwa. "Kho, kho, kho." Anaima pang'ono. Kenako analiza kamluzu.

Za chifuwacho ndinali ndisanauze munthu aliyense mbali ino ya malire. Tsitsi linandiima. Koma pakamwa panga sipagona.

"Pepani amayi, panachitika chisokonezo ku ofesi yathu. Anu enieni ndi awa." Ndinawapatsa chigubu chija cha pampopi chimene ndinkayenda nacho.

Anaviika chala, analawa, nkhope inamasuka. "Eyaa. Awa ndiye a m'nyanja."

M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa ku Njewa, chigubu chili pamiyendo monga anachigwirira mwini wake tsiku lija. Wakabaza anafunsa kuti nditsikira pati, ine ndinati pa mkuyu. Anati pa mkuyu pati? Tinazungulira. Mipanda ya njerwa, maziko a nyumba, zikwangwani za malo ogulitsa, minda yotsala apa ndi apo. Benchi langa kunalibe, katungwe kunalibe. Anyamata oumba njerwa anandiseka. Pomaliza ndinapeza bambo wina wachikulire wokonza njinga, nditatchula dambo anaika sipanala pansi.

"Mkuyu waukulu uja? Tinaotchera njerwa kalekale. Unali apo, pamene pali geti lakudalo."

"Nanga a Nambewe ofulula mowa?"

"Kuno a Nambewe ndi ambiri, mwana wanga. Ofulula mowa sindinawapeze."

Geti lakuda, mpanda wautali wa magalasi pamwamba, nyumba ya anthu obwera. Dzuwa lili pamutu. Ndinaika chigubu pansi, pamphepete pa simenti pomwe panali dothi.

"Odi!"

Anayankha galu.

"Odi kuno!"

Zii. Ndinaganiza zongothira n'kumapita, ndani akanadziwa? Koma ndinamva kulemera kuja kumsana, ndi mawu m'khutu: udikire. Ine amene sindinadikirepo kanthu chibadwire, ngakhale belu la sukulu, ndinakhala pansi padzuwa. Mthunzi wa mpanda unayamba kusuntha. Anthu odutsa ankandiyang'ana ngati wogulitsa mafuta. Chigubu chinali pamalo osalala, palibe anachikhudza, koma madzi m'katimo ankapita uku n'kubwerera uku, pang'onopang'ono, mchenga ukutsatira.

Ndiye ndinaganiza kuti mwina vuto ndi woodira. Pakhomopa sindine ndikufuna kulowa. Ndinaimirira, ndinapinda msana, ndinakoka mawu awo aja akale osakanikirana ndi Chizulu.

"Odi kuno, amayi! Ndafika!"

Mawuwo ndinachita dala. Chifuwa chimene chinatsatira sindinachikonze. Chinangotuluka chokha m'nthiti mwanga, ndi kamluzu komwe, mpaka misozi.

Galu anasiya kuuwa. Ndipo kuchokera mkati, chapatali, pomwe pamamveka mbale zikutsukidwa, mawu a mzimayi anafuula:

"Eee! Lowani agogo, n'kosakhoma!"

Ndinakhuthula zonse ndi mchenga womwe. Dothi linamwa nthawi yomweyo ngati linali ndi ludzu la zaka. Kenako ndinachita chimene ndimachidziwa bwino kuyambira ndili mwana pa mageti a ku Area 18 yeniyeni: ndinaliyatsa liwiro n'kukabisala kuseri kwa mulu wa njerwa.

Geti linatseguka. Anatuluka mayi wachitsikana, mwana kumsana, manja a thovu. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anaona ponyowa paja, anakweza mphuno ngati wamva fungo lachilendo. Ndinayembekeza kuti atukwana ana osaleredwa bwino. Koma anangoima. Kenako anapatuka pang'ono, kutsamira ku geti, monga timachitira wamkulu akamadutsa, n'kukhala choncho kanthawi. Atatero anatseka pang'onopang'ono.

Ndinabwerera wapansi, chigubu chopanda kanthu chikundimenya mwendo.

Ku Chinsapo ndimadutsako nthawi zina. Amake Tadala akuti makala akuyenda bwino chilandirireni madzi enieni. Koma kampando kaja kadakali pakhonde, ndipo Tadala salola munthu kukhalapo. Mtchona ndi mtchona, ngakhale pobwera sanafike yense.

Amayi amati ndilape. Ndilape chiyani? Azimayi a mumpingo mwawo omwewo amandikokera pambali kundifunsa ngati ndidakali ndi anzanga kunyanja, ndipo ku Kawale mpopi ulipo, mchere ulipo, mchenga uli pamtsinje. Ahedi aja ndinakumana nawo pamsika, anandiona n'kugwira kolala osadziwa. Ndimatsanzirabe aliyense, abusa, makondakitala, amalume akuitana Yesu m'Chizulu. Chifuwa chokha chija ndiye ndinasiya. Si kulapa ayi. Ndimangoopa kuyankhidwa.